Mutu 6: Diripi ya Alendo a ku Beira

1. Ndagi ya azakhali

Ndagi, ana inu. Musathamangire kuyang'ana kumunsi kwa tsamba, ndikukuonani.

Mlendo wanga wabwera ndi madzi ake, wandipeza ine ndili ndi madzi anga. Onse ndi madzi, onse ndi amchere. Ndikamulowetsa m'nyumba msanga, mawa kuli maliro. Ndikamusiya panja, mawa kulinso maliro. Mlendo ameneyu ndani?

Wina uko akuti ndi apongozi. Iwe udzavuta ukadzakula. Wina akuti nsomba. Wayandikira, koma nsomba ili ndi minga, pamene mlendo wangayu alibe fupa ndi limodzi lomwe. Mwalephera. Ng'ombe musandipatse, khola ndilibe. Khalani pansi basi, ndikuuzeni mmene Deliwe, mwana wa mchimwene wanga, analandirira alendo oterewa Loweruka lina m'mwezi wa June, manachesi atapsa.

Ine ndine Iness, azakhali ake. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, tsiku limene aphunzitsi anandifunsa kuti pa mbuzi zisanu kuchotsapo ziwiri zitsala zingati, ine n'kuwafunsa kuti wachotsayo ndani, tikamugwire. Kuyambira pamenepo ndimagulitsa manachesi, ndimabwera nawo panjinga yanga. Masiku ano ndimakhala pageti pa malo odyera a Dona Orlanda, pafupi ndi chipata cha malire kuno ku Mwanza.

M'chipinda chodyeramo muli chinthu chimene madalaivala amaloweramo ngakhale alibe njala. Ndi thanki yagalasi, yaitali ngati bedi la munthu mmodzi, yodzaza madzi amchere. Muli miyala yoboola-boola, mchenga woyera, ndi nsomba zinayi zamitundu ngati zitenje za pa chinkhoswe. Ine nditaziona koyamba ndinafunsa kuti zimakoma ndi tomato kapena kungootcha. A Dona sanandilankhule masiku awiri.

A Dona anabadwira ku Mozambique, kufupi ndi nyanja yamchere. Madzi a m'thankimo sachita kutunga kunyanja ayi. Amasungunula mchere wapadera wa m'matumba, osati wathu wothira m'ndiwo. Pa anthu onse ogwira ntchito pamalopo, amene amaloledwa kupisa dzanja m'thankimo ndi Deliwe yekha. Ali Fomu 3, amabwera madzulo akaweruka ndiponso Loweruka. Kusukulu ndiye woponya zigoli pa timu ya netibolo. Dzanja lake silinjenjemera, ndiye chimene a Dona anamukondera.

2. Chenjezo la a Dona

Lachinayi madzulo a Dona anamuitana. Ine ndinali pazenera, kumachita ngati ndikusankha manachesi owola.

"Deliwe, filha, khala apa," anatero. Filha ndiye kuti mwana wamkazi m'chiyankhulo cha kwawo. "Lamlungu a Stafford, dalaivala wa thiraki uja, abwera ndi alendo a m'thankimu ochokera ku Beira. Muli kamarawu, tizilombo ta m'nyanja tija, muli nkhono, muli ndi zina. Ndaziyembekezera miyezi isanu, mapepala ake kuvuta. Ine ndidzakhalapo, komabe ndikufuna umve, chifukwa tsiku lina udzalandira wekha.

"Nsomba ili ndi mamba, imapirira. Izi zilibe fupa, ndipo madzi amalowa m'thupi mwake mosavuta. Mchere wa m'jumbo imene zabweramo ukasiyana ndi wa m'thanki pang'ono chabe, pang'ono poti lilime lako silingamve, thupi lake limavulala m'kati. Sizilira, sizikuwa. Umangozipeza zagona.

"Choyamba, majumbowo usamasule. Uwayandamitse m'thanki mphindi khumi ndi zisanu, kuti kutentha kufanane. Kenako utsanulire alendowo m'ndowa pamodzi ndi madzi awo. Utenge kapaipi aka, mbali ina m'thanki, mbali ina m'ndowa, upange mfundo pakati kuti madzi azigwa dontho-dontho ngati diripi ya kuchipatala. Ukati 'muli bwanji', madontho atatu agwe. Madzi akachuluka kuwirikiza, utungemo theka utaye, uyambirenso. Uziyeza ndi aka."

Anamuonetsa kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi muvi m'kati. Ukakamiza m'madzi, muviwo umakwera kapena kutsika malinga ndi mchere. Pamalo oyenera a Dona anapakapo kamzere kofiira ndi utoto wa zikhadabo.

"Muvi usanafike pakamzereka, m'thanki musalowe kanthu. Angakhale maola awiri, angakhale atatu. Madzi a m'jumbo asalowenso m'thanki mwanga, ayenda ulendo wautali, ndi akuda."

"Nanga zikaoneka zamphamvu, mayi?" anafunsa Deliwe.

A Dona anavula magalasi awo othyoka mwendo, nawaika pathebulo.

"Ine ndinalowa m'dziko muno ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, nkhondo itatithamangitsa. Tinayenda m'tchire masiku ambiri, kudya masawu ndi mizu. Titafika, mayi ena a kwa Nthache anatimvera chisoni. Anaphika nyemba mphika wodzaza, anapha nkhuku, anati idyani ana anga. Mchimwene wanga Dercio anadya ngati sadzadyanso. Ine mayi anga anandigwira dzanja. Anati iwe phala lokha, masupuni atatu, upume, masupuni atatu. Ndinalira, ndinawada mayi anga tsiku limenelo. Dercio anadzuka n'kumathamanga pabwalo, tonse tinati wachira. Dzuwa lisanalowe anagwa. Anadwala masabata awiri, tinatsala pang'ono kumuika m'manda. Mayi ophikawo sanalakwe mtima, filha. Analakwa liwiro. Wochokera kutali samulandira ndi manja onse awiri nthawi imodzi."

Ine pazenera paja ndinapezeka kuti ndaika manachesi abwino m'dengu la owola.

3. Thiraki ifika tsiku lisanakwane

Loweruka m'mawa a Dona anakwera minibasi kupita ku Blantyre kukatenga magalasi atsopano. Foni anaiiwala pakauntala ikutchaja. Deliwe anabwera ndi nsapato zake za mpira m'jumbo, chifukwa 2 koloko timu yake inali ndi masewera aakulu. Bwalo lake linali makilomita asanu ndi atatu panjira yopita ku Blantyre. Opambana tsiku limenelo ndiwo akanapita kukasewera ndi masukulu a maboma ena.

Itangokwana hafu pasiti 12, ndinamva makiyi akulira. A Stafford amamveka asanaoneke, palamba pawo pali makiyi ngati a woyang'anira ndende. Kutsogolo kunabwera mimba, kenako magalasi akuda, kenako eni ake atasenza bokosi loyera pamapewa.

"Agogo, manachesi akutsekemera?"

"Agogo ako ali kumudzi kwanu. Ine ndine mtsikana wongochedwa kukwatiwa. Si paja unati Lamlungu?"

"Ine ndikagwira chiwongolero, Lamlungu limasanduka Loweruka."

Analowa m'kati, ine pambuyo. Musaganize kuti ndinalowera chidwi chabe. Mawondo angawa amalira ngati chitseko, ndipo anzanga pamsika amati madzi a kunyanja yamchere ukapaka, umavina ngati namwali. Botolo ndinali nalo kale m'chitenje.

Deliwe anatsegula bokosi. Munali majumbo anayi otupa ndi mpweya, omangidwa ndi mphira. M'jumbo ina ndinaona kamarawu zinayi, tizilombo tofiira ta ndevu zazitali ngati ziwala za m'madzi. Mu ina munali nkhono. Mu yachitatu munali chinthu chabuluu cha manja asanu chimene Deliwe anati ndi nyenyezi ya m'nyanja. Za m'jumbo yotsalayo sindinazione bwino.

Mwanayo anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana nsapato zake pansi pa kauntala. Anaimba foni ya a Dona, foniyo n'kulira pambali pakepo. Basi anazimitsa getsi la pathanki, nayandamitsa majumbo onse pamadzi.

"Ukuchita chiyani, mlongo?" anafunsa a Stafford.

"Zikuzolowera kutentha, achimwene. Kenako ndiziika pa diripi."

"Diripi? Zadwala malungo?" Anaseka yekha mpaka makiyi kulira. "Tamvera kuno. Ine ndi nyanja tinayamwa bere limodzi. Zinthu izi mafunde amazimenyetsa pamiyala tsiku lonse, osafa. Ndiye zife chifukwa wazithira m'galasi? Madzi ali m'majumbowo ndi enieni, a Mulungu. A m'thanki mwanuwa ndi ochita kupanga ngati sobo. Thira zonse pamodzi, nsomba zakozo zilaweko kwawo."

"A Dona anati ayi."

"A Dona anachoka kunyanja ali kamwana. Ine ndachokako dzana." Anaona nsapato zija. "Uli ndi mpira eti? Ine mapepala anga a pa malire atha kukonzedwa, 1 koloko ndikunyamuka. Thira msanga, ndikakutsitsa pabwalo penipeni. Anzako akakuone ukutsika m'thiraki ya matayala makumi awiri ndi awiri."

Deliwe anapita kuseri kukatenga ndowa ndi timapaipi.

4. Kamarawu yovina

Mwana atangotuluka, a Stafford anavuula jumbo ya kamarawu, n'kudula mphira ndi mano.

"Iwe, siya za eni," ndinatero.

"Agogo, penyani muphunzire."

Anapisa dzanja, anatapa kamarawu imodzi, naiponya m'thanki. Deliwe pobwera ndi ndowa anapeza zachitika kale.

Kamarawu ija inathamanga kuchoka ngodya iyi kupita ngodya iyo. Inakwera pamwamba, inatsika, inadumpha chambuyo, inazungulira mwala. Kunena zoona, ana inu, ngakhale ine ndinaona ngati yasangalala.

"Waona?" anatero a Stafford. "Ikuvina. Ikuti zikomo achimwene a Stafford, mwanditulutsa m'ndende. Thira zinazo tizipita."

Foni ya Deliwe inalira. Anali mnzake wa pa timu, ndipo mawu ankamveka mpaka pamene ndinaima ine. Ankati onse afika, akudikira iye, timu inayo ili ndi atsikana aatali ngati mitengo ya bulugamu. Deliwe anati amuimbiranso.

Anaima pakati pa chipinda, ndowa ili m'manja. M'thanki kamarawu inali kuvinabe. Ndinamumvera chisoni mwana wa mchimwene wanga.

"Pita ku mpira," ndinatero. "Diripiyo ndidikira ine. Kudikira ndiye ntchito yanga, makasitomala ndimawadikira tsiku lonse."

Anamiza kachipangizo kaja m'madzi a m'jumbo, nakabweretsa pamaso panga.

"Azakhali, muvi uli pati?"

Ndinayang'anitsitsa. "Muvi wake uti? Wakumanjawu kapena wakumanzerewu?"

"Ulipo umodzi, azakhali."

"Ndiye winawo ndi wa maso anga."

Iye anayang'ana yekha. Muvi unali pansi pa kamzere kofiira, kutalikirana ngati kunenepa kwa chala. Anaika ndowa pansi, natenga jumbo ija m'manja mwa a Stafford. Sanalande, anangotenga ngati mmene umatengera mpeni kwa mwana.

"Achimwene, zikomo potibweretsera alendo. Ntchito yanu yathera pakhomo. Kuyambira apa ndi ntchito yanga. Yendani bwino."

"Mpira ukuusiya chifukwa cha ziwala?"

"Ndikuusiya."

A Stafford anagwedeza mutu. Anati ana a masiku ano sukulu ikuwaononga, akumvera kachidole ka pulasitiki kusiya munthu woidziwa nyanja. Makiyi analira kutuluka pakhomo, analira pageti, mpaka anazimirira.

Deliwe analembera aphunzitsi a masewera uthenga, kufotokoza zoona zokhazokha. Yankho linabwera lalifupi: "Tidzakambirana Lolemba." Anawerenga, anaika foni chafufumimba pakauntala, nakankhira nsapato zija m'kati ndi phazi.

5. Dontho, dontho

Deliwe anayesa kaye kuigwira kamarawu yovina ija ndi kaukonde kuti aibwezere kwa anzake, koma inalowa m'mphako ya mwala. Anati kuithamangitsa n'kuivulaza kawiri, naisiya.

Anatsanulira kamarawu zitatu, nkhono ndi nyenyezi m'ndowa, pamodzi ndi madzi awo. Madziwo anali ochepa, ndiye anatsamiritsa ndowayo pa njerwa kuti alendo amire bwinobwino. Jumbo yotsiriza anaitsanulira m'kabeseni kapadera. Anaika timapaipi tiwiri m'thanki, nayamwa kumapeto kwake kuti madzi ayambe kuyenda. Nkhope inakwinyika.

"Akukoma?" ndinafunsa.

"Ngati usipa wa chaka chatha."

Anamanga mfundo. Madzi anathamanga kwambiri, anakoka mfundo. Anaima, anamasulako pang'ono.

"Azakhali, perekani moni."

"Muli bwanji."

Madontho asanu. Anakokanso.

"Muli bwanji."

Madontho atatu. Ophika awiri anasuzumira pakhomo la kukhitchini kuti aone amene ndikumupatsa moni kawirikawiri chotere. Anapeza ndikulonjera ndowa. Mmodzi anati ukalamba ndi matenda.

Deliwe anapempha chitenje changa chapamwamba, navundikira ndowa kuti m'kati mukhale mdima. Anati alendo otopa safuna kuwala. Kenako tinakhala pansi. Ndinasenda nachesi, tinagawana. Panja mathiraki ankalira, osintha ndalama ankaitana anthu, koma m'chipindamo munkangomveka tho, tho, tho.

2 koloko inakwana. Deliwe sanayang'ane wotchi, koma ndinaona phazi lake likugunda pansi ngati likumva wezulo.

Madzi atawirikiza, anatunga theka ndi kapu. Ine botolo ndinali nditatsegula kale.

"Azakhali, madzi awa alendo akhala akudzithandiziramo masiku awiri."

"Bondo lilibe mphuno, mwana wanga. Thira."

Anathira akuseka. Kunali kuseka kwake koyamba chichokereni a Stafford. Anayeza, muvi unali utakwera koma usanafike. Anavundikiranso.

Pamenepo m'pamene kamarawu ija inatuluka m'mphako. Sinkavinanso. Inkayenda ngati munthu wochokera ku mowa, kupendekera uku, kupendekera uko. Inafika pamchenga n'kugona cham'mbali. Timiyendo tinkapalasa pang'onopang'ono, kenako tiwiri tokha, kenako zii.

Deliwe anaivuula ndi kaukonde, naiika m'kapu. Sanalire. Anaiyang'ana nthawi yaitali, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kubwerera pa ndowa yake.

Ana inu, mphamvu zina si mphamvu. Nkhuku yodulidwa khosi nayonso imadumpha kuposa yamoyo.

Anatunga theka kachiwiri, kenako kachitatu. Botolo langa linadzaza, otsalawo anakataya kuseri. Cha m'ma 4 koloko anayeza, naitana ine ngakhale ankadziwa kuti sindiona.

"Wafika pakamzere."

Anasamba m'manja ndi madzi okha, opanda sopo. Kamarawu anazitenga imodzi imodzi. Nkhono anaziika pamwala, kukamwa kwake kuli pansi, chifukwa akuti ikagwa chagada imavutika kudzuka. Pamenepo ndinati ndiye kuti ndi abale anga. Nyenyezi inali yovuta kuposa zonse, chifukwa a Dona anati isakumane ndi mphepo ngakhale pang'ono. Anailowetsa m'kapu ili pansi pa madzi, nanyamula kapuyo yodzaza, kumiza m'thanki, n'kupendeketsa. Dzanja silinanjenjemere.

Palibe chinavina. Kamarawu zinaima pamwala, ndevu zikuyenda pang'onopang'ono. Nkhono imodzi inatulutsa tinyanga. Nyenyezi inakhala ngati yojambula, kenako dzanja limodzi linapinda nsonga n'kugwira galasi.

"Zikungokhala chete," ndinatero. "Zili bwino?"

"Mlendo wabwino amayamba wakhala pansi, azakhali."

6. Nyanja m'khutu

Kunatsala kabeseni kaja. Muvi wake unali usanafike, ndiye kanali pa diripibe. Deliwe akukayang'ana, makiyi analira pageti.

A Stafford analowa ndi madalaivala anzawo atatu. Ndinawafunsa ngati ku Blantyre afika n'kubwerako kale. Mnzawo wina, a Damiao, anati thiraki sinasunthe n'komwe, wokonza mapepala analakwitsa nambala m'mawa, ndipo a Stafford ankadziwa. Ndinayang'ana Deliwe. Akanathira msanga paja akanataya alendo, thiraki yomutengayo n'kukhala palibe.

"Zimenezo zisiyeni," anatero a Stafford. "Bwerani muone kamarawu yanga yovina. Ndinaiponya ndi dzanja langali."

Deliwe anawapatsa kapu.

A Stafford anayang'ana m'kapumo, anakankhira magalasi akuda pamphumi, anayang'ananso.

"Iyi inali yodwala kale. Ndinaiona maso ake ku Beira konko. Wogulitsa uja ndi wakuba."

"Boa tarde," anatero mawu ena pakhomo, kupereka moni wa Chipwitikizi. Anali a Dona, atavala magalasi atsopano. Palibe anadziwa kuti aima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Anadutsa pakati pa madalaivala osawayang'ana, nakawerama pathanki. Anawerenga ndi chala. Anayang'ana timapaipi, ndowa, chitenje changa, kenako nsapato za mpira pansi pa kauntala.

"Kamarawu zinali zinayi," anatero.

"Imodzi yafa, mayi," anayankha Deliwe. "Inalowa m'thanki osadikira diripi. Ine ndinasiya majumbo pali anthu, n'kupita kukatenga ndowa. Ndikanayamba ndatenga ndowa."

"Nanga mpira?"

"Sindinapite."

A Dona anamugwira paphewa. "Mawa ndilembera aphunzitsi ako kalata ndi dzanja langa. Za ndowazo waphunzira wekha, sindibwerezanso." Anatembenuka. "A Stafford, kamarawu inalowa bwanji m'thanki? Inadumpha?"

A Stafford anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, maso awo n'kugwera pakabeseni. M'menemo munali chigoba chachikulu chopotana, chonga cha nkhono, chitangokhala duu. Anawerama msanga n'kuchitola.

"Onani, a Dona, si ndanena kuti wogulitsayo ndi wakuba? Wakuikirani chigoba chopanda kanthu."

"Achimwene, bwezerani," anatero Deliwe. "M'menemo muli mwini wake."

"Mwini wake ndani? Mlongo, zigoba izi ine ndimazitola pansi penipeni pa nyanja. Ndimamira mpaka kumene kulibe dzuwa, asodzi amachita kundiombera m'manja. Inu a kumtunda simudziwa, chigoba chotere ukachiika pakhutu umamva mafunde. Imani ndikuuzeni ngati ku Beira kukugwa mvula."

Anachiika pakhutu, natsinzina.

M'chigobamo munatuluka timiyendo taubweya, kenako timaso tiwiri, kenako dzanja limodzi lalikulu ngati pulayala. Inali nkhanu ya mtundu wina imene imakhala m'zigoba zosiyidwa ndi nkhono. Inayang'ana khutu lija, inaliona kuti ndi lonona, inaligwira.

"Mayo!"

Makiyi onse analira nthawi imodzi. A Stafford anazungulira thebulo, chigoba chili lende pakhutu ngati ndolo ya mkwatibwi.

"Musakoke," anatero a Dona mosafulumira. "Mundithyolera mlendo dzanja."

"Nanga khutu langa?"

"Makutu muli nawo awiri, nkhanu ndili nayo imodzi. Deliwe, imasiya bwanji?"

"Ikamva madzi ake, mayi. Agwade, amize khutulo m'beseni."

A Stafford anagwada. Anayang'ana kabeseni kaja, madzi ake osafika ngakhale pa kakolo. Anatsitsa mutu pang'ono, n'kuubweza.

"Tsitsani ndithu, achimwene," anatero Deliwe. "Mpaka tsaya lilowe."

"Wina andigwire lamba."

"Chifukwa?"

"Ine madzi akafika kumaso ndimachita chizungulire. Sindidziwa kusambira."

M'chipindamo munkangomveka tho, tho wa diripi. Kenako a Damiao anati, "Tikafika ku Beira amakhala m'thiraki, magalasi otseka. Amati mafunde amamuyang'ana."

Ophika anagwirana kuti asagwe. Dalaivala wina anakhala pansi penipeni, misozi ili mbwe. Ine ndinagwira lamba uja ndi manja awiri, ndinati mirani achimwene, agogo akugwirani, mukafika kumene kulibe dzuwa mutipatsireko moni. Khutu litalowa m'madzi, nkhanu inatsegula dzanja, n'kubwerera m'chigoba mwake ngati sinachite kanthu. Ngakhale a Dona anavula magalasi atsopano aja kuti apukute maso.

Tikuseka choncho, firiji ya pakona inakhala chete. Wailesi ya kukhitchini inadukira pakati pa nyimbo. Magetsi anali atathima. Kuseri kwa thanki kuli kamakina kamene kamayendetsa madzi ndi kupopera mpweya kuti za m'menemo zizipuma. Nako kanaima. Thovu lotsiriza linakwera pang'onopang'ono, linafika pamwamba, linaphulika.

A Dona anasiya kuseka. "Jenereta ili kwa amakaniko chiyambire Lachiwiri," anatero.

A Stafford anali chigwadire, khutu likudontha. Deliwe anayang'ana kamarawu zitatu pamwala paja, kenako anayang'ana ine.

"Azakhali, pampu ya njinga yanu ija ili kuti?"